Mota ya Mapepala Imene Anandiotchera

Amuna anga atamwalira, abale awo sanadikire n'komwe kuti tsitsi langa liyambe kumera. Tinameta kumapeto kwa sabata, ndipo sabata inayo isanafike pakati, alamu anga, mng'ono wawo wa malemuwo, anatulukira pakhomo ndi madoda awiri a kwawo. Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa pichesi, n'kutumiza mawu kwa achimwene anga, amene ndiwo nkhoswe yanga, kuti abwere adzamve nawo.

Nkhani sinatalike. Anati abwera kudzatenga katundu wa m'bale wawo. Anatchula jekete, foni, mpope wopopera mbatatesi, kenaka mota. Njinga yamoto yofiira ija inali pakhonde pomwe mwini wake anaiimika tsiku limene anayamba kudwala, nditaifunditsa masaka kuti isalowe fumbi.

"Mota ayi," ndinatero ine. "Imeneyo tinagula tonse. Mbatatesi zake zinatuluka m'dimba la amayi anga, ndipo wothirira ndi wopalira ndinali ine."

"Alamu," anatero mng'ono wa amuna anga uja, akumwetulira, "inu mota mudzaitani? Kapena mukufuna wina akadzalowa m'nyumbamu adzaipeze?"

Amuna anga anali asanathe mwezi m'manda. Ndinatembenukira kwa achimwene, poganiza kuti mawu oterewa sangadutse opanda woyankha. Ndinawapeza akutokosa pansi ndi kamtengo.

"Asiyeni atenge, mlongo wanga," anatero osadzutsa mutu. "Maliro asasanduke mlandu."

Anatengadi. Jekete anaivala pomwepo, ine ndikuona.

Ntchito yanga ndi yosoka. Makina anga amakhala pakhonde, moyang'ana msewu wafumbi wopita ku Ulongwe, ndipo akhala pamenepo kuyambira mwana wanga wamkazi, amene tsopano ali pabanja ku Tete, akadali kumsana. Mota ija inkagona pambali pa makinawo. Ndinkaitsuka ndine. Tcheni ikakhwefuka ndinkagwira tayala amuna anga akumanga. Mpando utang'ambika ndinausokera chovala cha lona wakuda. Popita ku Domwe kukagulitsa mbatatesi ndinkakhala pakati, thumba kumbuyo kwanga, nkhope nditaibisa kumsana kwawo kuthawa mphepo ya m'mawa. Zithunzi zonse zimene tinajambulitsa nayo zinali m'foni. Nditawapempha alamu kuti anditumizireko ngakhale chimodzi kudzera kwa mwana wanga, anandiuza kuti anazifufuta kuti apeze malo oika nyimbo.

Pasanapite nthawi anayamba kunyamulira anthu pa mota ija, ndipo njira yawo inali yomweyi ya pakhomo panga. Kulira kwake ndinkakuzindikira ikadali kuseri kwa mabulugamu. Phazi langa linkaima lokha pa makina. Ankadutsa m'mawa ndi mayi wa dengu la tomato, masana ndi bambo wopakata mbuzi, madzulo ndi anyamata atapanikizana, ndipo ulendo uliwonse ankaliza belu n'kundikwezera dzanja ngati ndife mabwenzi. Galasi limodzi linasowa. Tanki inabonyoka mbali. Nyali yakumbuyo anaimanga ndi mphira. Amuna anga ankaipukuta ngakhale dontho la matope, ndipo uyu ankaiyendetsa ngati ngolo ya ng'ombe zobwereka. Ndinkasoka nditaluma mano mpaka nsagwada kuwawa.

Tsiku lina masana, nyengo yozizira ili pakati, ndinkadula katoni ya sopo kuti ndipange muyezo wa kolala ya malaya a ana ophunzira kushikola. Kachidutswa kena kanagwera pamwendo panga, kofiira, kotupa kutsogolo, koonda kumbuyo. Ndinakatola n'kukapinda pa chala. Inali tanki ya mota ija ndendende. Sindinaganize kuti ndikuyamba chinthu. Ndinangodula kena kofanana nako, n'kuphika kaphala ka ufa wa tirigu, n'kuzimata pamodzi. Madzulo ake kanali katauma, ndipo ndinakaika pamwamba pa makina.

M'mawa mwake ndinaona kuti tanki payokha ikufuna mpando. Miyezo ya mpando ndinali nayo pamtima chifukwa ndine ndinausokera. Ndinasankha kuti pamene pa mota yeniyeni pali chikhatho, pa yanga pakhale chala chimodzi. Miyezo ina ndinaipeza pakhonde pomwepo. Pansi panali kadzenje kamene chitsulo choimikira chinakumba, panali banga lakuda la mafuta pansi pa injini, ndipo pakhoma panali mkwasa pomwe chiwongolero chinkatsamira. Ndinagwada ndi fita yanga yoyezera nsalu n'kuyeza zonsezo. Anthu odutsa mumsewu ankaona mayi wamkulu akukwawa pakhonde lopanda kanthu.

Mafupa ake ndinapanga ndi mapepala a thumba la simenti, powakulunga pa singano yolukira mpaka akhale timapaipi tolimba. Matayala anali mabwalo a katoni osanjikiza, ndinawakhula ndi mwala kuti akhale obulungira, n'kuwadetsa ndi makala ndi mankhwala opaka nsapato. Mizere yake ndinaidula ndi lezala umodzi umodzi. Zimene zinandisautsa ndi timawaya ta m'tayala. Ndinkang'amba pepala loonda ngati ulusi, n'kulipota pa singano yosokera, ndipo ndikati ndimate kamodzi, kena kankathyoka. Tsiku lina ndinaponya tayala lonse pabwalo, nkhuku n'kulithamangira. Ndinazilanda, n'kuyambiranso.

Injini ndinaisanja ndi timapepala tolimba, tina pamwamba pa tinzake ndi kampata pakati, monga imakhalira nthiti zake. Mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya ndinkakatola pa baraka, kagolosale ka pamphambano, mwini wake akundifunsa ngati ndayamba kusuta. Ndi omwewo ndinakuta injini ndi paipi ya utsi. Tcheni inachokera m'kati mwa katoni, muja mumakhala makwinya mukasenda pamwamba. Magalasi awiri ndinawadula pa kachitsulo kopyapyala kophimbira mapiritsi amene amuna anga anasiya osamaliza. Ndinali nditawasunga m'chitini, ndipo sindinapeze china chonyezimira moteromo.

Chifunga cha kwathu kuno sichigwirizana ndi mapepala. Ndikaiwala chinthu pakhonde m'mawa, ndinkachipeza chitapindika. Phala la ufa linkachedwa kuuma, mpaka ndinakagula kola, guluu wa m'botolo, ku Ulongwe. Koma matayala ndinali nditawamata kale ndi phala.

Pamene ndinkamata zinthuzi mtima sunkakhala pansi ayi. Ena amati ntchito ya manja imatonthoza, ine sinanditonthoze. Ndinkamata chiwongolero ndikukangana ndi alamu m'mutu, ndikuwayankha zonse zimene ndinalephera kuyankha pansi pa pichesi paja. Kusiyana kwake kunali kwakuti dzuwa likamalowa pankakhala kanthu kogwirika, ndipo kanthu kameneko kanali ndi magalasi onse awiri, tanki yosabonyoka ndi nyali yosamanga mphira.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinaiwala: m'mene waya wa mabuleki amayendera kuchokera kuchogwirira kukafika kutayala lakutsogolo. Ndinayesa kukumbukira, osatheka. Mota ikamadutsa inkathamanga kwambiri, fumbi lokhalokha. Tsiku la msika ku Ulongwe, ndikuchokera kogula ulusi, ndinaipeza itaima pakati pa zinzake, mwini wake watsopanoyo palibe. Ndinatula thumba langa, n'kunjuta pambali pake, n'kutsata waya uja ndi maso. Ndinaigwira pa tanki. Inali yotentha ndi dzuwa.

"Mukufunafuna chiyani pansi pa mota yanga?"

Anali alamu, atagwira chimanga chootcha.

"Yanu?" ndinatero ndikudzuka. "Ndikuona m'mene mwaiwonongera. Taonani tayala ili, latha lonse, lasalala ngati mbale. Mvula ikadzayamba lidzakugwetsani limeneli."

Anzawo a mota anaseka. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulavula khoko la chimanga.

Nditamaliza, mota yanga inali yaitali ngati kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Inkaima yokha pa kamwendo kake. Matayala ankazungulira, chiwongolero chinkakhota, ndipo mpando ndinausokera ndi kansalu kotsala pa lona yemwe uja. Ndinaiika pawindo la kukhonde. Amayi obwera ndi makapulana awo, zitenje zoti ndiwasokere, ankayamba aiona kaye asananene chimene adzera.

"Ee! Koma ndi yomwe ija! Ngakhale kachingwe ka pa kiyi!"

Mnansi wanga, mayi wogulitsa tomato amene nyumba yake yayang'anizana ndi yanga, ankabwera kudzaiona pafupipafupi. Sankaigwira. Ankaiyang'ana cham'mbali, manja atabisa m'nsalu.

"Koma anzathu, chinthu ichi munachipangira chiyani?"

"Ndinangofuna kukhala nacho."

"Chabe?"

"Chabe."

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, ndinadzuka tsiku lina n'kupeza mphemvu zitadya tayala lakutsogolo. Zinatsata phala la ufa lija, n'kuboola mbali yonse. Ndinatukwana ndekhandekha, n'kulichotsa kuti ndipange lina ndi kola. Mota inakhala pawindo masiku angapo yopanda tayala lakutsogolo, itatsamira kabokosi ka machesi. Mnansi wanga anaiona ili choncho.

Sabata yomweyo kunagwa mvula yoyamba, ndipo alamu anagwa pa kamlatho ka kumunsi kwa mudzi wawo, atanyamula thumba la feteleza. Tayala lakutsogolo linaterereka m'matope. Anathyoka mkono. Nditamva ndinanena kuti pepani kwa amene anandiuza, ndipo ndinanena zoona, chifukwa sindinafunepo kuti munthu avulale. Ndinkafuna mota yanga, osati mkono wake.

Abale a amuna anga anabwera Lamulungu masana, ine nditangofika kuchokera kutchalitchi. Ulendo uno anali ambiri: madoda aja, apongozi anga aakazi, alamu mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, ndi achimwene, amene anafika nawo limodzi. Zimenezo ndinazizindikira nthawi yomweyo. Sindine ndinawaitana. Anali atakambirana kale ndi anthuwo ine kulibe. Mnansi wanga anakhala pakhomo pake akusankha nyemba, mutu uli pansi, makutu ali kwathu.

"Tulutsani chinthu chija," anatero mmodzi wa madodawo.

Ndinaitulutsa, tayala latsopano lili m'malo mwake, n'kuiika pamphasa. Onse anasendera m'mbuyo. Mdoda uja anaitembenuza ndi ndodo yake.

"Musaikande ndi ndodo," ndinatero. "Ndi katoni ya sopo imeneyo. Ndi mapepala a simenti ndi kola. Igwireni ndi manja muone."

"Tamva kuti munachotsa tayala lakutsogolo."

"Ndinachotsa. Mphemvu zinadya."

"Mphemvu zinadya lakutsogolo lokha," anatero alamu, "ine n'kugwa ndi lakutsogolo. Ndipo pamsika paja munanena pamaso pa anthu kuti lidzandigwetsa. Munagwada pansi pa mota yanga, munaisisita. Anzanga anaona."

"Aliyense wa maso akanakuuzani zomwezo! Tayala linali litatha. M'bale wanu akanalisintha kalekale. Inu mumangodziwa kukwera."

Apongozi ankayang'anitsitsa kanthu kaja nthawi yonseyi. Anandifunsa mofatsa kuti timagalasi tonyezimirato ndinapanga ndi chiyani. Ndikanatha kunama. Sindinaone chifukwa chonamira. Ndinawauza kuti ndi zophimbira mapiritsi a mwana wawo.

Anagwira kumutu. "Mayo ine! Zinthu za wakufa! Watenga zinthu za wakufa kumangira mnzake!"

Pamenepo ndinaimirira. Ndikudziwa kuti mkazi saima pamaso pa madoda atakhala pansi, koma ndinaima.

"Zinthu za wakufa? Jekete imene avala awayi ndi ya ndani? Foni ili m'thumba mwawomo ndi ya ndani? Mota imene yawagwetsayo ndi ya ndani? Inu munatenga zonse, ine munandisiyira mapiritsi. Amene ndinkawamwetsa mapiritsiwo ndine. Amene ndinkachapa zofunda akulephera kudzuka ndine. Awa anabwera kangati kudzazonda mkulu wawo? Lero mwabwera mudzi wonse chifukwa cha katoni ya sopo!"

Mawu anga anamveka mpaka kumsewu. Anthu anali ataima kuseri kwa mpanda.

Mdoda wamkulu anadikira kuti ndimalize, kenaka analankhula ngati sindinanene kanthu. Anati iwo sakunena kuti ndine mfiti, ayi, koma mitima ya anthu yakhumudwa, ndipo kuti mtendere ubwere chinthucho chiotchedwe onse akuona.

"Sichiotchedwa," ndinatero. "Ndi changa. Ndapanga ndi manja anga, pakhonde panga. Achimwene, auzeni."

Achimwene anadzuka. Ndinaganiza kuti tsopano alankhula. Anawerama, n'kunyamula mota ija ndi manja awo awiri, bwinobwino ngati anyamula khanda, n'kulunjika kukhitchini kwanga kumene mbaula inali ikadali ndi moto. Ndinawathamangira n'kuwagwira malaya. Anandikankha ndi chigongono, osati mwamphamvu, koma anandikankha.

"Ndikukupulumutsa, mlongo wanga. Sudziwa anthu m'mene akulankhulira."

Anatulutsa mbaula pabwalo n'kuikapo mota ija. Mapepala a kola sachedwa. Timawaya ta m'matayala, timene tinandidyera masabata, tinatha ndisanaphethire. Tanki inatupa n'kuda. Chimene chinachedwa ndi mpando wa lona, umene unanyeka pang'onopang'ono ndi utsi wonunkha. Madoda anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza achimwene kuti ndi munthu womvetsa zinthu. Alamu anapempha madzi akumwa. Sindinawapatse.

Onse atapita, achimwene anatsalira. Anayamba kundifotokozera kuti dzina la ufiti likakumatirira silichoka, kuti ali ndi ana oti adzakwatiwe, kuti ndidzawathokoza m'tsogolo.

"Tsiku lija munati asiyeni atenge," ndinawauza. "Lero simunadikire n'komwe kuti atenge, mwawaperekera nokha. Mukanangoigwira ndi manja pamaso pawo n'kunena kuti awa ndi mapepala, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Kuigwira munaigwira, simunaope kanthu. Mukudziwa bwino kuti inalibe kanthu. Tulukani pakhomo panga."

Dzina limene ankati akundipulumutsako linabwerabe. Kuotcha kuja anthu anakutenga ngati kuvomera. Kwa miyezi ingapo amayi ankadutsa pakhonde panga ndi nsalu zawo m'manja kupita kwa wosoka wa ku Ulongwe. Kutchalitchi benchi langa linkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Mwana wanga anaimba pa foni ya mnzanga akulira, kuti ndikwere shapa, minibasi ya kuno, ndikakhale naye ku Tete. Ndinakana. Nyumba ndi yanga, dimba ndi la amayi anga, wothawa akhale wina. Chakumapeto kwa chaka, zovala za zikondwerero zitachuluka, anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense akuyankhula za mvula ndi mtengo wa feteleza ngati sipanachitike kanthu. Mnansi wanga naye anabwera ndi siketi yoti ndimuchepetsere. Ndinamuuza kuti makina anga sasoka zake.

Alamu anachira, ndipo mota anaigulitsa kwa munthu wa kutali. Sindinaionenso. Ina ya mapepala sindinapange. Ndinayesapo kamodzi kudula katoni, manja anakana.

Achimwene sindinalankhule nawo chaka chonse. Tikakumana panjira ya kudimba ndinkapatuka. Chaka chinacho mwana wawo wamkazi anapeza banja, ndipo anabwera okha pakhomo, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti ndimusokere diresi la ukwati. Anaima pabwalo, sanakwere pakhonde.

"Mumutumize mwanayo adzayezetse," ndinatero, makina osaimitsa.

"Mlongo wanga, kodi nkhani ija..."

"Ndati mumutumize mwanayo."

Mtsikanayo anabwera, ndipo ndinamusokera diresi labwino kuposa onse amene ndinasokapo, chifukwa iye sanandilakwire. Tsiku la ukwati ndinamuveka ndekha, ndinapita kutchalitchi, ndinalulutira pamene ankatuluka. Anthu atayamba ulendo wopita kunyumba kwa achimwene kumadyerero, ine ndinakhota njira ya kwathu. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ananditumizira mbale ya nyama ndi mpunga madzulo ake. Ndinaibweza yosavundukula.